Limu ya Faifi

Amazira analowa pabwalo la galaja yathu akugubuduza limu, chitsulo chija chovekapo tayala, ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo linali m'chikhakha, lokolekedwa m'khosi ndi kansalu. Atafika pakati pa bwalo anaikankha limuyo ndi phazi, ndipo inathamanga yokha, kudutsa pakati pa majeke, mpaka inakagunda benchi yomwe Bambo anakhalapo n'kugwa chammbali, ngwee! Anabwerera kugeti, nakoka tayala, nalisiya pomwepo. Tayalalo linali latsopano, tiubweya tija ta kufakitale tisanathe n'komwe, koma m'mphepete mwake munali mutang'ambika ngati mwalumidwa ndi galu.

"Madala," anatero Amazira, "zaka makumi awiri ndakhala ndikubwera pano. Tandiuzani chimene ndinakulakwirani."

Ine ndinali nditagwada pambali pa lole ya mchenga, ndikumasula manati. Sindinafunike kuyandikira kuti ndidziwe. Limu ija ndinaizindikira ndi penti yake yasiliva.

Dzina loti Amazira tinawapatsa ndife, chifukwa ntchito yawo inali yogula mazira kumafamu n'kumaperekera m'mashopu pa kavani kawo koyera. Dzana lakelo, akutsika mtunda atadzaza katundu, anakhota pa kona, tayala lakutsogolo n'kuvuka pa limu. Kavani kanagwera m'ngalande. Mazira onse anathera pamsewu, agalu n'kuchita phwando, ndipo mwini wake anatulukira pawindo mkono utathyoka pawiri. Zonsezi anatiuza ali chiimirire, mpando ataukana.

"Sindinabwere kudzachita phokoso," anatero pomaliza. "Ndikungofuna kudziwa manja amene anaveka matayala amenewa. Ndiwaone basi."

Manjawo anali pomwepo, m'matumba a ovolosi yosita bwino, pakhomo la kaofesi. Anali a mlongo wanga.

Tinabadwa awiri, ine wamkazi ndiye woyamba. Ndinalowa m'galaja ya Bambo chaka chomwe Mayi anamwalira, poyamba kudzangosesa ndi kuwawiritsira tiyi. Koma manja anga anali oyabwa. Pofika chaka chachitatu ndinkavula tayala la lole ndekha, ndipo madalaivala anasiya kundiseka n'kundipatsa dzina loti Namatayala. Ndinakhala pamenepo zaka khumi ndi zinayi. Zikhadabo zanga sizinayerepo, ndipo mwamuna amene anandikwatira anachita kuzolowera fungo la mphira pa pilo.

Mlongo wanga yekha ndiye Bambo anamutumiza kusukulu ya zamakaniko. Anabwerako patapita zaka zitatu ndi satifiketi ya m'fulemu, tepi yachitsulo yokoleka palamba, ndi chizolowezi chonena kuti, "Masiku ano sitichita choncho." Bambo anayamba kumutchula Injiniya, poyamba mwanthabwala, kenako n'kuiwala kuti inali nthabwala.

Bambo analibe tepi, anali ndi ndodo. Unali mpini wakale wa tsache, wakuda bii ndi girisi, wodulidwa mosalala kunsonga, ndipo chakunsongako anasemako mizere ndi mpeni. Mzere woyamba unali wa folo, ndiye kuti mainchesi anayi kuchokera kunsonga. Wachiwiri unali wa faifi, wachitatu wa sikisi, mpaka naini. Akafuna kudziwa kutambalala kwa limu ankagunditsa nsonga ya ndodo m'kati mwa mlomo umodzi wa limuyo, n'kuyendetsa chala chachikulu pamizere mpaka pomwe pafika m'kati mwa mlomo winawo.

"Tayala silikhala panja, mwanawe, limakhala m'kati," ankatero. "Ukayeza panja waonjeza inchi yathunthu yomwe kulibe. Limu ndiye phazi, tayala ndiye nsapato. Ya faifi uipatse tayala la 175, ukapitirira 185, basi. Ukaiveka lalikulu, lipanika m'munsi n'kutumbika m'mbali, ndipo tsiku lina pa kona lidzakusiya."

Mawu amenewo ndinawamva mpaka ndinkawalota. Mlongo wanga anawamvanso, koma ankawamva ngati mmene munthu amamvera nyimbo yakale pa wailesi ya mnzake.

Chaka chimenecho maso a Bambo anachita ng'ala. Manambala a pamatayala sankawaonanso, ndinkawawerengera ndine. Aliyense ankadziwa kuti nthawi yakwana yoti galaja ilowe m'manja ena, ndipo wolemba zikwangwani anali atauzidwa kale kuti adikire. Ine, m'kupusa kwanga, ndinkaganiza kuti zaka khumi ndi zinayi zimalankhula zokha.

Lachiwiri la sabata yomwe inatsogolera ngoziyo, Amazira anasiya kavani m'mawa pamodzi ndi malimu anayi omwe anagula kwa ogulitsa zitsulo zakale. Anali opentedwa siliva mochita kuthira, mpaka manambala osindikiza pachitsulo anakwiririka.

"Muikepo matayala olimba," anatero. "Katundu wachuluka masiku ano."

Ine ndi Bambo tinali tikunyamuka kupita kuchipatala cha maso. Tinaswera pamzere tsiku lonse. Ndinawagwira pachigongono pokwera masitepe, ndinawawerengera nambala yawo ikaitanidwa, ndinawapukuta misozi ya mankhwala omwe anawathira m'maso. Tinabwerera dzuwa litapendeka, ndipo tikulowa pageti ndinaona kavani kataima pakati pa bwalo, matayala anayi atsopano atatumbika m'mbali ngati mimba za ana okhuta.

"Injiniya, waika saizi yanji apa?" ndinafunsa.

"215. Abwana akufuna olimba."

"Pa limu yanji?"

"Ya sikisi. Ndayeza ndekha." Anasisita tepi yake palamba.

"Wayeza pati? M'kati kapena panja?"

"Achemwali, tepi ndi tepi. Si mpini wa tsache."

Bambo anamasula mkono wawo m'dzanja langa, napapasa galimoto mpaka anapeza tayala lakutsogolo, nagwada. Dzanja lawo linayenda kuchokera pamwamba kutsikira m'mbali, ndipo litafika pomwe tayala lakumana ndi limu linaima. Ndinawayang'ana kumaso. Munthu amene wagwira matayala zaka makumi anayi sanamizidwa ndi penti, ndipo ndinaona kuti adziwa.

"Bambo, tiwavule," ndinanong'ona. "Sizitenga ola."

Anadzuka pang'onopang'ono, nandikokera pambali. "Ntchito yake yoyamba yaikulu ndi imeneyi. Ukufuna abwana atipeze tikuvula, iye ataima apo ngati chitsiru? Munthu wa mazira sathamanga. Sabata yamawa ndiwaitana, ndinena kuti tikufuna kuona mpweya, tidzasintha mwakachetechete. Iwe tangoona manatiwo ngati alimba."

Ndinatenga sipanala. Ndinali pa tayala lachitatu pomwe Amazira anatulukira, akumwetulira.

"Namatayala! Ukagwira iwe ine ndimagona tulo."

Ndinapukuta manja, ndinawapatsa makiyi, ndipo chomwe ndinakwanitsa kunena n'chakuti, "Muziyenda pang'onopang'ono pamakona." Anaseka, nalowa m'galimoto, napita. Tchimo langa ndi limenelo, ndipo sindinalikanepo. Ndinali ndi pakamwa, ndinali ndi jeke pafupi, koma ndinasankha kumvera Bambo. Sabata yamawa ija Bambo sanaitane munthu.

Ndiye tsopano limu ija inali pamapazi awo, mwini wake ataima ndi chikhakha, akudikira.

"Ndipatse ndodo," anatero Bambo.

Ndinakaitenga kuseri kwa chitseko n'kuwaika m'manja. Anawerama, nagunditsa nsonga m'kati mwa mlomo wa limu, chala n'kuyenda. Chinadutsa mzere woyamba, chinaima pa wachiwiri.

"Faifi," anatero. "Nanga pa tayalapo palembedwa chiyani?"

Dalaivala wa lole ya mchenga anali atayandikira, ndipo owotcherera zitsulo a pafupi nafe anali atazimitsa makina awo n'kutsamira pampanda. Ndinawerenga ndine, monga mwa masiku onse.

"215."

"Ine za manambala sindizidziwa," anatero Amazira. "Zikugwirizana kapena ayi?"

"Sizikugwirizana, bwana. Tayala lakula."

"Ndiye anaveka ndani?"

Kompuresa yopopera matayala inali ikulira kumbuyo, ndipo nthawi yomweyo inadzaza n'kuzima yokha. Mlongo wanga anali akuyang'ana nsapato zake, ndipo ndinaona kuti tepi ija waikankhira kumsana. Mundikhulupirire, mtima wanga unali pa iye. Ndinamumvera chisoni. M'mutu mwanga ndinali ndikukonza kale mawu omupepesera: kuti ndi watsopano, kuti penti inabisa manambala, kuti tonse tinalakwapo. Za ine ndekha sindinaope chilichonse, chifukwa mboni yanga inali Bambo anga.

Bambo anatsamira pandodo, nakweza nkhope kuloza komwe kunachokera mawu a Amazira.

"Bwana, mwana wamkazi ndi mwana wamkazi. Ndayesetsa kumuphunzitsa, koma zinthu zina zimafuna sukulu. Anafulumira. Mutikhululukire. Kuyambira lero galimoto yanu azigwira Injiniya yekha."

Poyamba sindinamve. Mawuwo anafika m'makutu koma anakana kulowa. Kenako ndinaona maso onse atatembenukira kwa ine, ndipo sipanala yomwe inali m'manja mwanga inalemera mwadzidzidzi.

"Bambo," ndinatero, "Lachiwiri lija ine ndinali kuti?"

"Khala chete."

"Ndinali nditagwira mkono wa ndani?"

"Ndati khala chete! Ukufuna kundiyankha pamaso pa anthu?"

Amazira anandiyandikira. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akugwedeza mutu.

"Ndinakupeza ndi sipanala m'manja," anatero. "Ndipo unandiuza kuti ndiziyenda pang'onopang'ono pamakona. Zaka zonsezi sunandiuzepo zimenezo. Ndiye kuti unkadziwa." Anakweza chikhakha chija pang'ono. "Unkadziwa, n'kundipatsa makiyi."

Bodza la Bambo ndikanalimbana nalo, koma apa munthuyo ankanena zoona.

Apo m'pomwe mlongo wanga anapeza mawu. Anatulutsa manja m'matumba, nayandikira mwaulemu. "Pepani kwambiri, bwana. Tikonza zonse. Ndiyang'anira ndekha." Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Anthu atabalalika ndinawatsatira Bambo m'kaofesi n'kutseka chitseko. Munali mmene munkakhalira masiku onse: tebulo lodzaza mavalavu ndi zigamba, kalendala ya zaka zitatu zapitazo, ndi satifiketi ija pakhoma, yopukutidwa fumbi m'mawa uliwonse. Bambo anakhala pampando, ndodo pakati pa miyendo.

"Nenani," ndinatero. "Ndikumva."

"Iwe uli ndi mwamuna, uli ndi kwanu. Uyu alibe kwina koma pano. Dzina lake likada lero, malo ano afa mawa. Anthu amaiwala, mwanawe. Mwezi umodzi, iwiri, nkhani yatha."

"Mkono wa munthu wathyoka, Bambo."

"Upola."

"Nanga dzina langa?"

"Ndiwe wamkulu. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, sizinayambe lero."

Ndinaseka, koma sichinali chiseko. "Tandiuzani chinthu chimodzi. Pano amadziwa ntchito ndani?"

"Ndiwe."

"Mukudziwa?"

"Ndikudziwa kuposa iwe."

"Ndiye?"

"Ndiye n'chifukwa chake." Anapukuta maso awo otuwa ndi kuseri kwa dzanja. "Iwe ukagwa udzuka. Iye sangadzuke."

Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa kuposa aja ananena pabwalo. Pabwalo ananama, ndipo bodza munthu umatha kulilavula. Koma m'kaofesi muja ananena zimene zinali mumtima mwawo: kuti anandiphunzitsa bwino, ndinalimba, ndipo chifukwa ndinalimba ndine woyenera kusenza. Ndikanakhala wamanja lende ngati mlongo wanga, bwenzi atanditchinga ine. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali dzina la Bambo.

Ndinavula ovolosi yanga pomwepo, ndinaikoleka pamsomali wake, ndinatuluka. Bambo anaitana kamodzi, "Mwanawe!" Sindinatembenuke. Sabata yotsatira wolemba zikwangwani anabwera, ndipo pambuyo pa dzina la Bambo anaonjezera mawu awiri ofiira: ndi Mwana. Palibe anafunsa kuti mwana wake uti.

Anthu saiwala. Amene ananena kuti amaiwala anali asanakhalepo mkazi wogwira ntchito ya amuna. Kulikonse komwe ndinapita kukafunsa ntchito nkhani inali itafika kale, itanenepa panjira. "Ndi uja anagwetsa mazira," ankatero, ena mondinong'ona, ena mokweza. Wina anandiuza kuti ndikayambe geni ya tomato, poti tomato savala matayala. Mwamuna wanga ankati ndipite kwa Amazira ndikanene zoona. Koma ndikanapita ndi chiyani? Mawu anga okha, otsutsana ndi a bambo wondibala, komanso makiyi aja ndinapereka ndi dzanja langa.

Pomaliza ndinapeza kangodya kuseri kwa depoti ya mabasi, pansi pa malata anayi. Ndinayamba ndi kumata machubu a njinga. Kenako dalaivala wina wa minibasi, yemwe analibe nthawi yomvera miseche, anandipatsa tayala limodzi, n'kubweranso ndi anzake. Ndinadula mpini wa tsache langa, ndinabwereka tepi kwa kalipentala tsiku limodzi lokha, ndinasema mizere yanga. Amazira ankadutsa pamsewu womwewo kawiri pa sabata, chifukwa nyumba yawo yosungiramo mazira inali chakumanzere kwa mphambano, kutsogolo pang'ono. Mkono wawo unapola mokhota. Akafika pa malata anga ankayang'ana kutsidya.

Panapita chaka ndi theka. Tsiku lina masana, ndikupopa tayala, ndinamva kugogoda pamsewu wa tala: go, go, go. Nditakweza maso ndinaona Bambo akubwera okha m'mphepete mwa msewu, akupapasa njira ndi ndodo. Anali ataonda, jekete likulendewera. Maso anali atayereratu. Anaima pafupi ndi wogulitsa malalanje n'kufunsa, ndipo ndinamva wogulitsayo akuti, "Namatayala? Ndi apo, madala, masitepe khumi."

Ndinasiya kupopa. Ndinaganiza kuti tsiku loti andipepese lafika.

Ndinawagwira pachigongono monga kale n'kuwakhazika pa tayala la lole. Tinapatsana moni ngati anthu odziwana patali. Anafunsa za mwamuna wanga, ndinafunsa za maso, anati madokotala anachedwa nawo. Kenako ananunkhiza mpweya.

"Guluu amene ukugwiritsa ntchito ndi wabwino," anatero.

"Mwayenda ulendo wonsewu kudzanunkhiza guluu?"

Anatembenuza ndodo m'manja. "Mwezi uno abweza magalimoto atatu. Wina matayala adyeka pakati pokha, wina akuti galimoto ikuvina pamsewu. A malole aja anasiya kubwera. Mlongo wako mtima ali nawo wabwino, koma manja..." Sanamalize. "Bwerera, mwanawe. Uzikhala kumbuyo kuja, uziona malimu asanaveke. Kutsogolo azilankhula ndi iye. Palibe achite kudziwa."

Ndinawayang'ana. Chaka ndi theka ndinkalota akubwera, ndipo m'maloto onsewo ankayamba ndi mawu amodzi, pepa. Koma anabwera kudzabwereka manja anga kuti akawaveke dzina la wina.

"Ndibwera," ndinatero.

Nkhope yawo inamasuka.

"Koma tiyambe tapita kwa Amazira, inu ndi ine. Si patali, ndi pamphambano apo, kumanzere. Ndikugwirani mkono. Mukanene amene anayeza limu ija. Inenso ndikanena zanga, kuti ndinaona n'kukhala chete. Tikatero, mawa m'mawa mundipeza pageti."

"Zakale zimenezo."

"Kwa ine ndi za lero. Amadutsa pano kawiri pa sabata."

"Ukufuna ndimuphe mlongo wako?"

"Nanga ine munanditani?"

Minibasi ina inalowa m'depoti ikuliza hutala, kondakitala akukuwa, ndipo tinadikira phokoso lithe. Kenako analankhula motsitsa, ngati akudziuza okha.

"Chimene sindikumvetsa n'chakuti ndimayeza ndekha. Chichokereni iwe, limu iliyonse ndimaiyeza ndi ndodo iyi asanaveke. Tepi ija ndinamuletsa. Ndimamuuza saizi, iye amangotenga tayala. Koma miyezi ino zikubwererabe. Kaya chala changa chafa."

Apo m'pomwe ndinaiyang'anitsitsa ndodoyo. Inali yomwe ija, yakuda ndi girisi, mizere yake ili pomwepo. Koma kunsonga, pansi pa fumbi, mtengo unali woyera.

"Tabweretsani." Ndinaitenga, ndinapukuta nsonga ndi chala. Panali mano a sowo. "Nsonga iyi yatani?"

"Inanyenyeka ndi kuyenda nayo. Inkakola m'miyala. Mlongo wako anaidulako pang'ono kuti isandigwetse."

"Liti?"

"Miyezi itatu, inayi."

Pangodya panali limu ya kagalimoto kakang'ono, yopanda tayala. Ndinaigubuduza n'kuiimika pakati pa mawondo awo, ndinawabwezera ndodo.

"Tayezani."

Anawerama monga ankachitira masiku onse a moyo wanga. Nsonga inagunda m'kati mwa mlomo. Chala chinayenda, chinadutsa mzere woyamba, chinadutsa wachiwiri, chinaima pa wachitatu.

"Sikisi," anatero.

Ndinawalanda ndodo, ndinatenga dzanja lawo lamanja n'kuliika m'kati mwa limu, chala chachikulu mbali ino, chaching'ono mbali inayo. Dzanja lija linali lopepuka, khungu lokhalokha, koma linatambasuka lokha n'kupeza malo ake. Linakhala pamenepo. Ndinaona milomo yawo ikugwedezeka popanda mawu.

"Limu iyi ndi ya faifi," anatero potsiriza.

"Ndodo ikuti chiyani?"

Anachotsa dzanja n'kuliika pabondo. Anakhala choncho nthawi yaitali, nkhope italoza kumsewu komwe sankakuona. Ndodo ya zaka makumi anayi inali itayamba kunama ndi inchi yathunthu, chimodzimodzi tepi ya mwana wawo, ndipo miyezi yonseyi saizi zolakwikazo zinkatuluka pakamwa pawo. Ndinkafuna ndimve kukoma, koma sindinamve. Ndinangomva kutopa.

"Uli nayo yako?" anafunsa.

"Ndili nayo."

"Undibwereke."

"Yanga imayenda ndi ine, Bambo. Ndipo njira yake mukuidziwa."

Anapapasa pansi mpaka anapeza ndodo yawo, nadzuka. Ndinafuna kuwagwira mkono, koma anaukoka. Anatuluka pansi pa malata, nayamba kuyenda m'mphepete mwa tala, go, go, go, kulowera kumphambano. Ine ndinaima ndi payipi ya mpweya m'manja, ndikuwayang'ana. Kumanzere, kavani koyera kanali kataima pakhomo la nyumba ya mazira, zitseko zakumbuyo zili zotsegula. Kumanja kunali njira ya kugalaja.

Atafika pamphambano anaima. Anthu ankawalambalala, wanjinga wina anawaimbira belu, iwo ali chiimire. Anatembenuzira nkhope kumanzere, komwe kunkamveka kugundana kwa mathireyi a mazira, ndipo ndinapezeka nditaponya phazi limodzi kutsogolo.

Kenako ndodo inagogoda kawiri, n'kukhotera kumanja. Ndinaitsatira ndi maso mpaka basi inanditchinga, nsonga yake yoyera ikukhula tala, ikudyeka.